Chopondera Chachitatu

"Munthu akabwera kudzakukonzera chinthu chako, usamamuyang'ane pakamwa. Uziona kuti akuyeza ndi mwendo wa yani." Amayi ndiwo anandiuza mawu amenewa, ine ndili kale ndi ana awiri, tsiku limene anandipatsa chitsulo chimene ndimatchingira chitseko changa kuno ku Kabwata kuti mphepo isachimenyetse. Alendo amachiyesa khasu lothyoka. Si khasu ayi. Ndi chopondera cha buleki cha vaneti ya atate, chotambalala ngati chikhatho cha mwamuna, mphira wake wodyeka mbali imodzi. Chenjezo la amayi linali labwino, koma linachedwa zaka makumi awiri, ndipo woyenera kulimva poyamba anali eni akewo.

Atate anali ndi mwendo wakumanzere wopuwala kuyambira ali mwana kumudzi ku Katete. Unali woonda ngati mpini, wopanda mphamvu. Anaphikira mzungu wina ku Kabulonga zaka zambiri, ndipo mzunguyo pochoka m'dziko muno anawasiyira vaneti yakale yobiriwira, galimoto ya kumbuyo kotsegula yonyamulira katundu. Inali ya otomatiki, yosintha magiya yokha. Pansi pa chiwongolero panali zopondera ziwiri basi, cha moto ndi cha buleki, zonse za mwendo wakumanja. Mwendo wodwalawo atate ankangounyamula ndi manja, kuuika pakona ngati ambulera, ulendo nkuyambika. M'mawa uliwonse ankapita kumafamu a kuseri kwa Chelstone kukatengera amayi ogulitsa pamsika wa Soweto kabichi, repu ndi tomato. Akakhala pansi anali munthu wotsimphina amene ana ankamuyeserera kumbuyo. Akakhala pachiwongolero anali dalaivala ngati wina aliyense, chigongono pawindo, akuimba nyimbo za kutchalitchi mpaka agalu kuwayankha.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zinali zaka za mizere zija: shuga pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ndipo pakhomo pa msika anyamata a chipani akufuna khadi. Kuzizira kwa Juni kunabwera ndi mphepo yafumbi yong'amba milomo, ndipo batire la vaneti linayamba kufooka. Atate akapotoza kiyi, injini inkangoti ng'ee, ng'ee, kenako zii.

Masiku amenewo galimoto iliyonse ya m'njira mwathu inkadzuka ndi kukankha. Inali ntchito ya ife ana tisanapite kusukulu. Eni ake ankaiimika moyang'ana kumtsetse, ife nkuikankha ndi zikwama kumsana, iyo nkutsokomola, kulira, ife nkuwomba m'manja. Yathu tinaikankha tsiku lina mpaka kumapeto kwa msewu, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konseko, koma inangogudubuzika duu ngati ngolo. Aphunzitsi amene tinayandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda nati, "Mungothyoka misana. Otomatiki sadzuka ndi kukankha. Ikufuna batire basi, palibenso china." Koma batire nalo linali ngati shuga: unkangomva kuti lafika kwakuti, ukapita latha. Atate ankatulutsa lakalelo, amayi nkulikankha pa wilibala kukalitchajitsa. Linkagwira masiku awiri, lachitatu zii. Amayi a ku Soweto anayamba kukwera magalimoto a anthu ena. Anzanga kusukulu ankati vaneti yathu ndi ya madona, yonyada, yosafuna kugwiridwa ndi manja a anthu akuda. Ndinkachita nayo manyazi, sindibisa.

M'nyumba mwathu munali amalume, mlongo wawo wa amayi. Anabwera mu Januwale kuti akhala sabata ziwiri. Anali dalaivala wa malole, koma ntchito inawathera, ndipo chifukwa chake chinkasintha malinga ndi amene wafunsa. Ankagona pabalaza, fungo la mafuta opaka m'tsitsi ndi la masokosi litadzaza nyumba yonse. Akadya ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, nkukabwezera m'bokosi momwemo, amayi nkudzakayatsira mbaula. Mpaka lero ndikaona munthu akutokosa m'mano ndimabisa machesi.

Iwowo ndiwo anabweretsa nzeru. "Alamu," anatero, "galimoto yosakankhika m'dziko lino ndi bokosi la maliro. Tichotse giyabokosi yachizunguyi, tiike ya magiya a pamanja. Batire likafooka, ana akankha, mwapita." Atate anagwira bondo lawo nafunsa, "Nanga uwu?" Pakuti ya pamanja imafuna chopondera chachitatu, kilachi, ndipo chimenecho ndi cha mwendo wakumanzere. Amalume anaseka. "Tidzaifewetsa ngati buledi, alamu. Ngakhale mwana uyu adzaponda." Analoza ine, ndipo ine chitsiru ndinatukumuka ngati andisankha kukhala mfumukazi. Amayi anaonjeza kuti, "Mverani mlongo wanga, iye wayendetsa malole mpaka kumigodi." Atate anasisita bondo lawo lija. Nyumba inali m'dzina lawo, vaneti yawo, koma mwamuna wa kwathu angakhale afike m'tauni amakhalabe mkamwini pamaso pa mlongo wa mkazi wake. Anangoti, "Chabwino, alamu."

Ntchitoyo inatenga sabata zitatu. Anabwera makanika, mnzawo wa amalume, bambo wa ovolosi yong'ambika pamatako, wolankhula chinyanja cha m'tauni. "Ba mudala, osawopa," ankatero kwa atate, "iyi motoka manje izankala mwamuna." Anakweza vaneti pa zitsa ndi njerwa, nalowa pansi, namasula kabawuti. Munatuluka oyilo wofiira ngati magazi a mbuzi, wonunkha ngati shuga wopserera. Beseni la amayi lochapiramo linadzaza, wotsalayo anayenderera mpaka m'kadimba ka repu kuseri kwa nyumba. Repu yense anachita chikasu nafa. Makanikayo ankakodza pampanda wa aphunzitsi masana dzuwa likuswa mtengo, nkubwera kudzapisa zala zomwezo m'mbale ya ndiwo, ndipo pamwamba pa msuzi pankayandama timadontho takuda. Amayi ankangomuonjezera ndiwo. Anali mlendo wa mlongo wawo.

Giyabokosi ya otomatiki itangotsika, tsiku lomwelo anaikweza pa wilibala nkupita nayo. Anati akukataya. Chinthu cholemera chonchija, m'chaka chimene anthu ankatola ngakhale msomali wopindika, ati kukataya! Lero ndikudziwa kuti ankatseka njira yobwerera.

Ya magiya a pamanja ija anakaichotsa pa vaneti imene inagubuduzika pamsewu wa kum'mawa. Inabwera pamodzi ndi zopondera zake, ndipo pamphira wa chimodzi panali zouma zakuda, ndi kachidutswa ka nsalu ya sokosi katakanirira. Amayi atafunsa, makanika anati ndi dzimbiri. Dzimbiri pa mphira! Ntchentche sizitera pa dzimbiri. Anandituma ine kuti ndichape ndi mchenga, ndipo ndinachapa ndikuimba.

Pansi pa vaneti anaboola ndi tchizulo ndi hamala, chibowo chamanomano chotulukira ndodo ya magiya, nachiphimba ndi chubu chakale cha tayala. Shafuti, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumatayala a kumbuyo, sinafike, ndiye anaidula pakati nalumikizapo paipi ya madzi. Kandodo kakale ka magiya ka pachiwongolero, kamene atate ankakakoka ndi zala ziwiri, anakacheka ndi sowo kukasiya kachitsa. Chopondera chachikulu cha buleki anachizula nkuchiponya kudzala, kuti papezeke malo a ziwiri zing'onozing'ono.

Tsiku loika chopondera chachitatu ndinalipo, ndinanyamula botolo la madzi. Makanika anatulutsa mutu nati, "Ankale pampando uyo azayendesa, tipime." Atate anali pakhonde, anayamba kufufuza ndodo yawo. Asanaimirire amalume anali atalowa kale. "Khalani, alamu, musavutike, ndikuyezerani." Amalume anali chimunthu chachitali, atate wamfupi. Anakankhira mpando kumbuyo mpaka kumapeto, natambasula mwendo, naponda, nati apa. Makanika analemba ndi choko. Pambuyo pake anati njanji ya mpandowo ikugwedera, naiwotcherera pomwepo kuti usasunthenso. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa. Chimene ndinaganiza nchakuti amalume ndi munthu wachifundo.

Anaiyesa Loweruka m'mawa. Njira yonse inatuluka, amayi ndi zitenje zawo pamapewa, ana opanda nsapato. Amalume anakhala pachiwongolero, ife tinakankha, ndipo tisanafike pa nyumba yachitatu vaneti inagwedezeka, inatsokomola utsi wakuda, nkulira. Ndinalumpha mpaka kugwa. Ndinathamangira anzanga aja kuwafunsa kuti ya madona ili kuti tsopano.

Kenako inafika nthawi ya atate. Anali atavala shati yoyera ya kutchalitchi. Anakwera, koma mapazi sanafike, ndipo amayi anathamangira pilo m'nyumba kudzawaikira kumsana. Ananyamula mwendo wopuwalawo ndi manja awiri, nauika pa chopondera chatsopanocho, nakanikiza bondo ndi zikhatho. Chinali cholimba ngati chitsa. Misempha ya m'khosi inatuluka. Pamene anachotsa dzanja limodzi kuti agwire ndodo ya magiya, munamveka khwee ngati akupala mphika ndi mwala, phazi linaterereka, vaneti inadumpha ngati chule nkuzima. Tinaikankhanso. Inadumphanso. Kachitatu inakalowetsa mphuno mumpanda wa aphunzitsi. Anthu anaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse, kuloza ndi chala. Atate anandiyang'ana pawindo, thukuta likutsika m'masaya, nandimwetulira.

"Pumulani, alamu," anatero amalume akutsegula chitseko. "Sunthirani uko. Muzolowera pang'onopang'ono." Atate anakoka mwendo wawo, nadzikhwekhwereza kupita kumpando wa wokwera. Pachiwongolero paja sanabwererenso mpaka imfa.

Lolemba m'mawa ndinatuluka ndi chikwama changa, wokonzeka kukankha. Ndinapeza amalume atatsegula boneti, ndipo mkatimo munali batire latsopano, lakuda, lonyezimira, pepala lake lisanamatuke. Anati mnzawo wina anawapezera dzulo lake. Dzulo lake linali Lamulungu, sitolo zonse zotseka. Anapotoza kiyi kamodzi, injini inalira. Aphunzitsi anali pampanda wawo wothyokawo. Anayang'ana batire, anayang'ana atate, nalavula pansi, nalowa m'nyumba osapereka moni. Vaneti imene anaitumbula kuti izikankhika sitinaikankhenso ngakhale tsiku limodzi. Kuti batirelo linakhala nthawi yaitali bwanji likudikira, ndi pansi pa bedi la yani, sindinaone, ndiye sindinena.

Poyamba atate ankapita nawo kumafamu, amalume akuyendetsa, iwo atakhala pambali. Kenako amayi a kumsika anayamba kufuna mpando wa kutsogolo chifukwa cha fumbi, ndipo atate ankakwera kumbuyo pamwamba pa kabichi, ndodo ili pamiyendo. Kenako anauzidwa kuti azipuma kunyumba, mphepo ingawadwalitse. Pofika nyengo yotentha vaneti inkagona ku Chelstone, ati kuno kuli akuba, ndipo amalume nawo ankagona komweko kwa mayi wina wogulitsa tomato. Atate anayamba kusoka nsapato za anthu pakhonde. Kuimba anasiya. Pamene panatayikira oyilo paja sipanamerenso kanthu, ngakhale chisoso. Ndipo amalume akabwera kudzationa pa Khirisimasi amayi ankawaphera nkhuku, atate nkuwalandira ndi manja awiri kuti takulandirani alamu. Zimenezo ndizo zimandinyansa kuposa oyilo, kuposa zouma za pa mphira zija. Chopondera chachikulucho amayi anakachitola kudzala mwakachetechete nachibisa m'sutikesi, ndipo anachitulutsa titaika atate m'manda.

Kumwetulira kwa atate kuja ine ndinakutenga ngati nawonso akusangalala. Sindinadziwe kuti munthu amatha kumwetulira mwana wake pofuna kuti mwanayo asadzakumbukire kuti anaseka. Ndinawerenga zopondera pansi pa chiwongolero, chimodzi, ziwiri, zitatu, ndipo ndinakauza anzanga kuti kwathu zinthu zawonjezeka.

Ndalemba izi chifukwa mwezi watha mdzukulu wanga anabwera ndi mkazi wake kuchokera ku Woodlands kumene amachita lendi. Akuti akufuna kundikonzera nyumba. Sindinawapemphe. Akuti andimangira kachipinda kabwino kuseri, kopanda masitepe, chifukwa cha mawondo angawa. Anali ndi tepi yoyezera. Ine ndinakhala pampando, osawayang'ana pakamwa. M'chipinda changa chogona anayeza malo a bedi lalikulu la anthu awiri, pamene ine ndimagona pa kabedi kamodzi.

Inu owerenga sindikukudziwani, ndipo sindikukukhulupirirani. Koma muli ambiri, simungagwirizane nonse. Mukamadutsa ku Kabwata tapatukani mudzandione. Muime pageti pomwe ndingakuoneni bwino, muodire, ndipo musabwere ndi chondikonzera. Mukapeza chitseko chotsegula, chitsulo chija chili pansi pake, ndiye kuti ndilipo, mukhoza kupitirira ulendo wanu. Mukapeza chitsulocho palibe, musamvere zoti agogo akupuma. Funsani kuti andisunthira kuti.