Tsamba la Amayi pa Mchenga

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anapita kukagonekedwa kuchipatala ku Nampula. Tinkakhala ku Namacula, ine ndi abambo basi. Amayi anali profesora, kapena kuti mphunzitsi, wa sayansi, ndipo pa janela, zenera la kukhitchini, ankasunga kambewu kamodzi m'mbale yadothi, kamene mnzawo wina anawabweretsera kuchokera ku Maputo. Iwo ankakatchula pingwikula, ife tinkangoti kadyaudzudzu. Masamba ake anali afulati, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo tizilombo touluka tikaterapo tinkamatirira mpaka kuthera pomwepo.

Tsiku lonyamuka amayi anandiitana. "Rosa, madzi a mvula ali m'zigubu zija. Uzithira amenewo okha. Ndikabwera ndidzakapeze kali moyo."

Abambo anali munthu wa dzanja lolemera. Anakulira ku Malawi atathawa nkhondo kwathu, kumene anaona njala ndi maso, ndipo atabwerera sankapirira kuona chinthu chowonda. Mbuzi, mwana, mlendo, onse ankadyetsedwa mpaka kudandaula. Ataona kuti chisanu cha mu Juni chafika ndipo masamba a kambewu kaja ayamba kuchepa, mtima unawawawa.

"Kanthu aka kali ndi njala. Udzudzu ndi chakudya?"

Anatapa manyowa a mbuzi kukhola, nathiramo, n'kuwonjezera madzi a pachitsime. Ndinawauza zimene amayi ananena, koma anangoti amayi ako amadziwa mabuku, nthaka ndi yanga. Sipanatenge nthawi, pakati pa kambewu panada bii, n'kuyamba kununkha. Ine ndinalira. Ndinkaopa kuti kakafa, amayinso sabwera. Zinali nzeru za chibwana, koma mantha ake anali enieni.

Amayi ataimba foni, abambo anaulula okha, mawu ali pansipansi. Ndinamva amayi akuseka kenako n'kutsokomola.

"Bambo a Rosa, kambewu kameneko kanazolowera nthaka yosauka. N'chifukwa chake kamadya tizilombo. Mwakaotcha mizu. Ndipatseni mwanayo."

Anandilangiza pang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. Ndisankhe masamba amene sanawole. Ndisadule ndi mpeni, koma ndigwire tsamba ndi zala n'kulikoka mofatsa cham'mbali kuti lichoke ndi tsinde lake loyera. Ndiligoneke pa mchenga wotsuka, wonyowa pang'ono, pamalo owala koma osawomba dzuwa. "Usakwirire, usathire kanthu, ndipo usamaligwiregwire. Ulisiye."

Tinapulumutsa masamba ochepa chabe. Abambo anatenga ena n'kuwakwirira m'chitini monga amachitira ndi mbewu ya mbatata, chifukwa kwa iwo chinthu chosakwirira sichinabzalidwe. Anga ndinawagoneka pa mchenga m'mbale yakale. Kunena zoona ankaoneka ngati zinyalala. M'mawa uliwonse abambo ankaima pa janela paja, manja kumbuyo, akulimbana ndi mtima wawo.

"Ngakhale pang'ono pokha, Rosa?"

"Ayi, ababa. Amayi anakana."

A m'chitini anawola onse. Pa anga, awiri anafota. Limodzi linangokhala phee kwa masabata, mpaka tsiku lina ndinaona timitu tobiriwira, tating'ono ngati njere za mawere, titatuluka pa tsinde loyera lija. Tsamba lenilenilo linali likuuma, ana ake akukula. Ndinakuwa mpaka anansi anathamangira ku kintali, pabwalo la nyumba yathu, kuganiza kuti kwalowa njoka.

Amayi anabwera mvula itayandikira, atawonda moti chitenje chinkawazungulira kawiri. Asanakhale n'komwe pansi anapita pa janela, nawerama kuyang'ana timbewu tija. Ine ndinkayang'ana abambo. Anali atagula nkhuku, mbatata ya kachewere, nyemba, zonse zili pamoto, ndipo ndinadziwa kuti nkhondo ya "idyani, idyani" yayandikira.

Koma anatenga kambale kakang'ono, naikamo chakudya pang'ono, n'kukaika pafupi ndi amayi. Kenako anakhala pa mpando, manja awo aakulu aja atawapanikiza pakati pa mawondo. Amayi anadya theka n'kukankha mbale. Abambo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo dzanja lolemera lija ndinatengera ine. Zidzukulu za tsamba lija zikadali pa janela langa ku Lulimile, kumene ndimakhala tsopano. Ndili mwana ndinkayesa kuti ntchito yovuta chaka chimenecho inali yanga, yokoka tsamba osalithyola. Tsopano ndikudziwa kuti yovuta inali ya abambo, kukhala pafupi ndi munthu amene ankamukonda, chakudya chili chodzaza m'miphika, iwo n'kugwira manja awo.