Munandiseka pa Siteji ya Chitakale

Achimwene, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, koma mkwiyo sunandithere. Ndimakuonanibe pa siteji ya Chitakale, mutakhala pansi miyendo itafooka, mapiritsi a mitundu itatu ali m'thumba, BP osatsika. Ndinati, "Kawauzeni madokotala ayeze tiziwalo ta pamwamba pa impso, mwina tikutulutsa mahomoni ochuluka." Munaseka mpaka makondakitala kutembenuka, n'kunena kuti: "Tamumvani dokotala wathu wothawa ku yunivesite!" Kunyumba alamu anangokuwonjezerani adyo m'madzi.

Mwezi watha ndinamukokera ndekha mwana wanu Esinati kuchipatala, nayenso BP yake itakwera. Amupeza ndi vuto lomwelo, amupatsa piritsi loyenera, BP yatsika. Inu munalolera kufa kusiyana ndi kumvera munthu wosamaliza sukulu. Esinati wandimvera, achimwene, ndipo mawa akubwera kudzalambula manda anu.