Tsiku Limene Amayi Anayang'ana Apongozi Awo

Kwathu ku Wimbe, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga, moni n'kumapatsirana chapatali. Amayi anga mwambo umenewu anaugwira ndi manja awiri. Zaka zonse zimene alamu anga, amuna awo a achemwali, anakhala pamudzi pathu, ndikukayika ngati amayi ankadziwa kuti munthuyo ali ndi ndevu kapena ayi.

Kenako banjalo linapita ku Joni, n'kutitumizira foni ija yopanda mabatani. Koma inatizunza! Inali nyengo yosoka fodya, zala zili utomoni wokhawokha, ndiye ukaikhudza inkangochita zake. Ine ndinazolowera kuyankha ndi mphuno. Amayi ankaseka mpaka kugwira nthiti: "Iwe, ukununkhiza chiyani pamenepo?"

Kusekako kunatha achemwali atabereka mwa opaleshoni, n'kukhala ali chigonere. Amayi chakudya chinasiya kulowa. Mawu a achemwali pafoni ankawamva, koma ankati, "Mwana ameneyu ndimamudziwa, amati ndili bwino ngakhale zitavuta. Ndikufuna ndimuone ndi maso angawa."

Vuto linali lakuti wogwira foni kumeneko anali alamu. Ndikangoyankha vidiyo, nkhope yoyamba kutulukira inali yawo, ndipo amayi liwiro mpaka kuseri kwa chigafa cha fodya, n'kugwada komweko. "Mwadzuka bwanji apongozi?" Moni akupatsa fodya wopachika, ine nditaima pabwalo ndi foni ngati chitsiru, bandulo ikungotha.

Tsiku lina ndinapsa mtima. "Amayi, ili ndi galasi chabe! Munthu ali ku Joni, mukuthawa chiyani?"

"Galasi lakolo lili ndi maso. Usandiphunzitse mwambo, wabadwa dzulodzuloli iwe."

Ndiye ndinapangana ndi alamu kuti akamaimba aziyamba atembenuza kamera. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, amayi anakhala pamphasa, ine n'kuwagwirira foni. Tinaona kachipinda kamodzi, matewera ali pachingwe, achemwali atatsamira khoma, owonda koma akumwetulira, khanda lili pamiyendo. Alamu sankaoneka, koma dzanja lawo linkangolowa ndi kutuluka: lakonza pilo, labweretsa phala, lapukuta mwana kukamwa.

"Akukuchapira ndani?" amayi anafunsa.

"Bambo ake a mwanayu."

"Nanga kuphika? Kukusambitsa?"

"Omwewa. Kuntchito anayamba apumako. Kuno tilibe wina, amayi."

Kwathu ntchito zonsezo ndi za mayi wake wa wobereka. Pamene panali dzanja lija pankayenera kukhala la amayi, ndipo zinawapweteka kwambiri. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anandilanda foni, n'kuigwira ndi manja awiri.

"Apongozi, tembenuzani chinthuchi. Ndikuoneni."

Patapita kanthawi nkhope ya alamu inatulukira, maso ali psuu chifukwa chosagona, akuyang'ana pansi ndi manyazi. Ine ndinkadikira liwiro lija, koma amayi sanasunthe, sanaphethire n'komwe.

"Mwandilerera mwana wanga. Zikomo, bambo."

Alamu anangoweramitsa mutu.

Foni itaduka, amayi anaiika pamphasa pang'onopang'ono, n'kukhala akuiyang'ana ngakhale inali itazima. Kenako anatembenukira kwa ine, misozi idakali m'masaya.

"Kani apongozi anga ali ndi ndevu?"