Kanta ya Ba Gershom ndi Khomo la Apongozi

Chekecheke, chekecheke, chekecheke. Zii.

Emeliana anadzidzimuka. Sanayatse tochi. Khutu limodzi analiika pachifuwa cha Caleb, mwana wake wa zaka ziwiri, linalo n'kutchera panja. M'chifuwa cha mwanayo munali kamluzu kaja kamene kamabwera chisanu cha mwezi wa Juni chikangoyamba. Panja, amalume ake anali kulimbana ndi galimoto.

Chekecheke, chekecheke. Kenaka injini inatsokomola, n'kugwira, n'kuyamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo.

"Iwe Ndafika, usanichititse nsoni," anamveka amalumewo akuinyengerera. "Takalamba tonse, koma ine nadzuka."

Amalumewo, ba Gershom Chabwela, ndi munthu wamfupi, wa masaya onona, amene amakhalira pilo poyendetsa kuti aone bwino msewu. M'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Shikabeta palibe amene sawadziwa. Ali mnyamata anali kondakitala wa minibasi zopita ku Luangwa, akukuwa pakhomo mpaka mawu kusasa. Kenaka anakwera malole akuluakulu, kumanga matenti ndi kuphikira madalaivala, ndipo n'kumene anaphunzira kumvetsera injini. Atatopa ndi kugona pansi pa malole a eni, anabwerera kumudzi, nalima thonje ndi chimanga zaka zingapo, nagula kanta yakale yoyera, kalole konyamula katundu. Pamphumi pake analembapo ndi penti yofiira kuti NDAFIKA.

Kanta imeneyi yanyamula chimanga, makala, mbuzi, akwaya a ku tchalitchi, akwati ndi maliro. Yathamangiranso kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya ndi amayi oyembekezera, ndipo ana ena sanadikire kuti afike. N'chifukwa chake m'mudzimo muli a Gershom ang'onoang'ono ambirimbiri, ndi kamtsikana kamodzi kamene mpaka lero kamaitanidwa kuti Ndafika.

Emeliana ndi mwana wa mlongo wao. Mwamuna wake, Whiteson, ndi mlonda pa sitolo ina ku Lusaka, ndiye iye amakhala pakhomo pa amalume ake. Chisanu cha chaka chatha chifuwa cha Caleb chinatsekeka, milomo n'kuyamba kuda. Ndafika inalira kamodzi kokha, ndipo anafika ku Mpanshya mwana akupumabe. Kuyambira pamenepo Emeliana amagona nsapato zili pakhomo, chitenje chobelekera chili kumutu. M'mudzimo mulibe galimoto ina. Ndafika ikakana, chotsala ndi njinga.

Ndiye chaka chino Ndafika inayamba kukana.

Masana inalibe mlandu. Ikatentha inkakwera mapiri ikuimba. Koma ikagona, m'mawa mwake inkafuna kupembedzedwa, ndipo ikalira inkagwedezeka mpaka galasi la m'mbali kulankhula lokha. Ba Gershom anayamba ndi batire, nakalitchajitsa kwa aphunzitsi amene ali ndi sola. Palibe chinasintha. Anasintha filita ya mafuta. Anamasula maheta, timapulagi totenthetsa injini isanalire, nawayesa pa batire limodzilimodzi, ndipo onse anafiira ngati makala. Tsiku lina anaika mbaula pansi pa injini kuti iothe moto, mpaka akazi awo, ba Dorcas, anatuluka ndi ketulo m'manja.

"Atate ake Melody, ife tiyi tiphikire pa mutu panu? Kapena mufuna kuiwotcha kuti tidyere mbatata ya kandolo?"

Chokhacho chimene chinkathandiza chinali kupopa kapampu ka pamwamba pa filita mpaka chala chachikulu kuchita dzanzi. Choncho ba Gershom anayamba kudzuka pakati pa usiku kukailiza pang'ono, poganiza kuti vuto ndi kuzizira.

Anthu a m'mudzi anali kale ndi yankho lao. Vutoli linayamba sabata imene ba Natalia, amayi ake a ba Dorcas, anasamuka ku Chinyunyu kudzakhala ndi mwana wao. Amuna a pa nsolo ankangoseka. "Ba Gershom, motoka yanu iopa apongozi kupambana imwe!" Ba Gershom ankaseka nawo, chifukwa ulemu wao kwa apongozi unali wodziwika. Akaona ba Natalia akubwera m'njira, ankapatukira m'tchire, n'kunjuta, n'kuomba m'manja nkhope itayang'ana kumbali, ngakhale pakhale chitedze. Chikwatirireni sanayang'anepo mayiwo m'maso. Ndiwo anawamangira kanyumba kumunsi kwa bwalo, poti khomo la ba Gershom lili pachitunda chotsetsereka.

Kutacha, Emeliana anabereka Caleb, natengera amalume ake tiyi ndi kandolo wowiritsa. Anawapeza atakweza mutu wa kanta, akuyang'ana injini manja ali m'chiuno, maso ali psuu ndi tulo.

"Mwauka bwanji, amalume?"

"Nauka, mwana wa mlongo wanga, koma uyu ndiye sanauke. Nanga bwana wamng'ono?" Anagwira phazi la Caleb. "Iwe dalaiva, chifuwa chili bwanji?"

"Kamluzu kayambanso," anatero Emeliana.

Ba Gershom anasiya kutafuna. Anayang'ananso injini.

Emeliana anazengereza. Za injini sankazidziwa. Chimene ankadziwa ndi zimene munthu wosagona amaona ndi kumva.

"Amalume, Loweruka lija inalira kamodzi chabe."

"Ee, tsiku lija inadzuka bwino. Nayonso ili ndi masiku ake, monga amai ake Melody awa." Analoza ndi mlomo kukhitchini.

"Nakumvani!" anakuwa ba Dorcas.

"Usiku wake simunaigoneke pano," anapitiriza Emeliana. "Munaisiya kwa ba Bornface mutatsitsa njerwa mochedwa. Pobwera kumjigo ndinaiona, mutu unali utayang'ana kumunsi."

"Nanga mutu uli ndi chiyani?"

"Kaya. Koma chaka chatha mukamafika madzulo, pakhoma la chipinda changa pankadutsa kuwala koyera, chifukwa munkalowa chamutu, kutsetsereka. Chibwerereni ambuya ba Natalia, pamadutsa kofiira. Mumalowa chambuyo, mutu n'kutsala kuyang'ana kumtunda."

Ba Gershom anaseka mpaka tiyi kutayikira. "Manje iwe usiku sugona, uwerenga nyale za anthu? Ukanakhala wa polisi!" Anaseka, anaseka, kenaka kuseka kunayamba kuchepa. Anaika kapu pansi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, nayang'ana kanta yao mmene inaimira pachitundapo, mutu kumwamba, thanki ya mafuta kumunsi.

"Amai ake Melody!" anaitana. "Kodi paipi yanga yopopera mafuta ili kuti? Ija yoonekera mkati."

"Ili pomwe munaisiya. Ine sindimwa dizilo."

Ataipeza, anadulako kachidutswa, nakalumikiza pamene mafuta amalowera mu filita. Pogwira ntchito ankalankhula, monga amachitira nthawi zonse, kaya pali womvetsera kaya palibe.

"Ukamapopa mafuta kuchoka m'chigubu ndi paipi, ikabooka pang'ono chabe, mpweya ulowa, mafuta n'kubwerera m'chigubu. Apa n'chimodzimodzi. Ngati penapake palowa mpweya, mutu uli kumwamba, usiku wonse mafuta atsetserekera ku thanki. M'mawa injini ipeza mbale yopanda kanthu. Ine n'kumati chisanu! Chisanu changowonjezera chabe."

Anapopa kapampu kaja, naliza injini. Ndafika inatsokomola, inagwira, n'kuyamba kuvina kwake kuja.

"Bwera uone," anakuwa ba Gershom.

Emeliana anasendera, dzanja lili pakhutu la mwana. M'kapaipi koonekera kaja mafuta ankayenda, koma mkati mwake munali timathovu tondondozana ngati mazira a achule.

"Awo ndiwo aivinitsa. Imeza mafuta, imeza mpweya, imeza mafuta, imeza mpweya. Nawenso ungatsokomole."

Anazimitsa injini, onse n'kuyang'anitsitsa kapaipi kaja. Pang'onopang'ono mafuta aja anayamba kubwerera m'mbuyo, ngati mlendo wozemba asanatsanzike.

"Wakuba uyo!" anatero ba Gershom mokondwa, ngati apeza mbuzi yotayika.

Anayala thumba pansi, nalowa chagada, nayamba kutsata paipi yakuda ya mafuta ndi zala kuchokera ku thanki. Pamene paipiyo inkakhudzana ndi chitsulo anapeza malo onyowa pang'ono, fumbi litakakamira. Ataipinda, ming'alu ing'onoing'ono inatseguka. Mafuta sankadontha n'komwe, n'chifukwa chake pansi sipankaoneka kanthu. Anamangapo malegeni, mphira zija amadula ku chubu cha tayala, natuluka udzu uli m'tsitsi.

"Yachira?" anafunsa Emeliana.

"Yamwa panado chabe. Malegeni ndi dizilo sagwirizana, afewa. Ifunika paipi yatsopano, ndipo kuno kulibe, mpaka ku Chongwe."

"Ndiye poyembekeza muziimika mutu kumunsi, monga kale."

Ba Gershom anatsitsa mawu. "Iwe, ukamba zotani? Kumunsi kuli khomo la apongozi. Bafa yao ili pomwepo. Ine nifike madzulo niwawalitse ndi nyale ngati nisaka nyama?"

"Muzizimitsa nyale."

"Ngakhale nizimitse, nikakhala pa chiwongolero maso anga ali kuti? Pakhomo pao! Awe, mwandi. Nizadzuka usiku kuipopa, palibe kanthu."

Emeliana anacheukira Caleb pamsana pake. Ankadziwa kutalika kwa nthawi imene amalume ake amatenga popopa ndi kupembedza, ndipo ankadziwa mmene chifuwa cha Caleb chimatsekekera msanga. Koma mwana wa mlongo sangauze amalume ake kuti aphwanye ulemu wa apongozi. Anangokonza chitenje, misozi ili pafupi.

Kumunsi kwa bwalo wailesi inazima. Ba Natalia anali atakhala pa mpasa kuothera dzuwa, akusenda nsawawa, ndipo makutu awo ndi akuthwa kuposa a mphaka. Mayi amenewa sagona osamva zotsatira za mpira, ndipo amatukwana oimba mluzu ngati amawadziwa. Sanatembenuke. Anayang'ana thadzi limene linkatola makoko pafupi nawo.

"Iwe nkhuku," anatero mokweza, "pita ukauze atate ake Melody kuti ine nagulitsa chimanga chowotcha pa msewu waukulu ku Chinyunyu mpaka imvi izi. Malole a ku Malawi, a ku Mozambique, mabasi a ku Chipata, onse aniwalitsa kumaso. Sininachite khungu. Manje tunyale twa kamotoka aka, tumene kamodzi kayang'ana kumwamba ngati kapemphera, nditwo tuniphe?"

Ba Dorcas anaphulika kuseka m'khitchini. Ba Gershom ananjuta msangamsanga kuseri kwa tayala, nkhope itayang'ana chitseko cha kanta, n'kuomba m'manja.

"Ndafika," anayankha mwaulemu, "uwauze amai kuti tamva, koma ife tinaleredwa. Anthu azakamba chiyani?"

"Nkhuku, uwauze kuti anthu akamba kale. Akuti ine nalodza motoka. Manje chabwino n'chiti, kuti aziti mkamwini awalitsa apongozi, kapena aziti Natalia ni mfiti ya madizilo?"

Apa ngakhale Emeliana anaseka, misozi ija n'kutsika m'masaya.

Ba Natalia anatsitsa mawu pang'ono, koma anapitiriza kulankhula ndi nkhuku. "Uwauzenso kuti ine usiku nimamumva mwana uyo. Khoma ni lopyapyala. Ulemu wao nauona, nausunga, wakwana. Motoka igone mmene ifunira. Tsiku mwana akazadwala, nifuna kumva kulira kamodzi chabe."

Thadzi lija linatola khoko n'kuthawa. Ba Gershom anakhala chonjuta kanthawi, akukanda m'mutu. Kenaka anaombanso m'manja.

"Ndafika, uwathokoze amai."

Anaimirira, nasasa fumbi m'mawondo, natenga kandolo wao amene anali atazizira kale. Emeliana anaganiza kuti nkhani yatha, koma amalume ake anali akuyeza ndi maso mtunda wochokera pa mtengo wa mango wa pabwalopo kukafika pakhomo la apongozi.

"Amai ake Melody, chikwakwa chili kuti?"

"Mufuna kuchita nacho chiyani? Amai avomera kale."

"Avomera iwo, maso anga sanavomere. Nikamweta udzu kudambo. Nimanga kampanda apa, katali kupitirira mutu wa motoka, kuti Ndafika iziyang'ana udzu."

"Musatseke kwambiri!" anakuwa ba Natalia, ataiwala nkhuku. Anadzigwira pakamwa, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna wina womutuma. Anapeza mtondo. "Iwe mtondo, uwauze asiye kampata. Nyale zija zizanithandiza kupeza mapatapata."

"Nanga ku Chongwe mupita liti?" anafunsa Emeliana. Funso limeneli linali likumuluma, chifukwa ulendo wa ku Chongwe ndi katundu wa makala umatanthauza kuti kanta igona kunja.

Ba Gershom anamuyang'ana, nayang'ananso Caleb amene anali kuyamwa chala pamsana.

"Sinipita," anatero. "Niyeza paipi ndi chingwe, nikapereke kwa Bruce wa minibasi pa msewu waukulu, abwere nayo ndiye. Makala a anthu ayembekeze. Mpaka chisanu chithe, Ndafika izigona pano, mutu kumunsi, makiyi pa msomali wa pakhomo panga. Ukamva kamluzu kakula, usagogode mwaulemu. Menya chitseko."

Atatero anakwera pa pilo wao, naliza injini kuti aitembenuze kusanade, asanapite kudambo kukamweta udzu.