Chimbale Chopindika cha Ababa

Fungo la makatoni onyowa limandibwezera ku Bolton, m'nyengo yozizira imene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'nyumba yopapatiza ya njerwa zofiira, yolumikizana ndi zinzake mpaka kumapeto kwa msewu, moti woyandikana naye akayetsemula ife tinkamva. Amayi anali namwino kuchipatala, ababa ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Dzuwa linali mlendo m'miyezi imeneyo, ndiye chilichonse chonyowa tinkachiyanika pa rediyeta, chitsulo chotenthetsa nyumba chimene chinali pansi pa zenera la pabalaza. Masokosi, yunifomu, nsapato zanga, ngakhale makalata ovumbwa ndi mvula, zonse zinkathera pamenepo.

Ababa anali ndi matenda amodzi amene amayi, ndi unamwino wawo wonse, analephera kuchiza. Ankagula chimbale chimodzimodzi mobwerezabwereza. Ndikunena zimbale zakuda zakale zija, zozungulira pa galamafoni singano ikutsata timizere. Chinali cha gulu lina la azungu, nyimbo zimene eni ake amazitcha new wave: magitala othamanga ngati achedwa basi, kiyibodi yolira mopyapyala, woimba wake wodandaula kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Pashelefu panali zisanu ndi chimodzi, chithunzi chapachikuto chofanana, nyimbo zomwezomwezo. Amayi akamapukuta fumbi ankafunsa, "Bambo a Tadala, kodi zinzakezi zinatha mawu?" Ababa ankangoseka.

Loweruka akakhala pa ofu ankanditenga. Tinkalowa m'mashopu a kaunjika a m'tauni, kapena kupita kubwalo lina kumene azungu ankagulitsa zotsala za m'nyumba kumbuyo kwa magalimoto awo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ababa ankagwada pa katoni, n'kumatsegula zimbalezo ndi zala ziwiri, msangamsanga. Akachipeza ankachisolola mosamala, kuchigwira m'mphepete mokha, n'kuchipendeketsa kowala kuti awerenge tizilembo tolembedwa pafupi ndi kabowo kapakati. Anandiphunzitsa kuti chimbale chimodzi chinkadindidwa m'mayiko ambiri, ndipo tizilemboto ndi timene timaulula kwawo. Cha ku England anali nacho, cha ku Germany, cha ku Holland. Chimene ankafunitsitsa chinali chodindidwa ku Zimbabwe, cha chikuto chopyapyala ndi pepala lapakati lotuwa. Koma akapeza cha dziko lina mtima sunkawalola kuchisiya, ndiye shelefu inkangodzaza. Ine zala zinkachita dzanzi ndi kuzizira, koma ndinkapirira chifukwa cha tchipisi cha pobwerera.

Chifukwa chake anandiuza tsiku lina tili m'sitima yopita ku Manchester. Mkulu wawo, bambo aakulu a Fredson, ndi amene anawalera makolo atamwalira. A Fredson anagwirako ntchito ku Bulawayo, ndipo pobwerera ku Ndirande anabwera ndi chimbale chimenechi. Lamlungu lililonse ankachiliza, iwo akusita malaya, ababa akupolisha nsapato pakhonde. A Fredson anamwalira chaka chimene tinafika ku England, mapepala athu asanalongosoke, choncho ababa sanapite kumaliro. Pogawana katundu wa malemu palibe anasamala za chimbale, chinangosowa. "Sindinaponye dothi, mwanangu," anatero akuyang'ana pazenera. "Ndikungofuna ndimvenso chimene tinkamvera limodzi."

Tsiku lomwelo anachipeza. Munali mu holo yaikulu yodzaza matebulo a ogulitsa zimbale, pa tebulo la mzungu wina wachikulire wa tsitsi lomanga kumbuyo. Ababa anachipendeketsa kowala kawiri, katatu. Pobwerera mvula inatipeza tikutsika sitima. Jumbo imene munali chimbalecho inang'ambika, ndipo ngakhale anachibisa m'jekete, chikuto chinafika kunyumba chitanyowa mbali imodzi. Tisanavule n'komwe nsapato, foni inalira: kuntchito kwa ababa kunali kuchepa anthu, ankawafuna masana omwewo. Anachiika patebulo mwaulemu. "Usachikhudze," anatero. "Tidzamvera limodzi mawa tikachoka kutchalitchi."

Amayi anali m'chipinda cham'mwamba, akupumula. Ndinakhala ndekha pabalaza ndikuyang'ana chikuto chonyowacho, ndipo chinandimvetsa chisoni. Chinthu chimene ababa anachifunafuna zaka zonsezi chigone chonyowa? Ndinachita zimene tinkachita ndi chilichonse m'nyumba mwathu. Ndinasuntha masokosi, ndinachigoneka pa rediyeta chimbale chili m'kati, ndinapotokolanso kachitsulo kapambali kuti kutentha kuwonjezeke. Kenako ndinakaonera makatuni, mtima uli mbee, ndikudziona ngati mwana wanzeru.

Anachipeza ndi amayi atatsika kudzaphika. "Mayo ine! Tadala, wachita chiyani iwe?" Atachisolola, chimbale chija chinali chitapindika ngati tsamba louma la fodya. Anayesa kuchikanikiza pansi pa Baibulo lalikulu ndi mabuku awo a unamwino, koma madzi akatayika saoleka. Ababa atabwera ndinathawira pamasitepe. Ndinamva amayi akunong'ona kukhitchini. Ndinkadikira kuitanidwa, ndinkalakalaka ngakhale kukalipiridwa, koma palibe anandiitana. Kutchalitchi m'mawa mwake sindinaimbe nawo nyimbo ngakhale imodzi, ndipo ndinkaopa kuyang'ana nkhope ya ababa.

Titabwerera anavula tayi, n'kundiuza kuti ndikhale pampando. Anaika chimbale chopindikacho pa galamafoni. Singano inkakwera ndi kutsika ngati minibasi mumsewu wa mabampu, ndipo mawu a woimba uja ankagwedera, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono. Chichewa chinandithawa ndi mantha. "I'm sorry, Dad," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe. Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Anamvera nyimbo yonse yoyamba atatsinzina, ndipo potsegula maso anali ofiira.

"Iwe mwana, unadziwa bwanji?" anandifunsa. "Cha a Fredson chinkalira chonchi ndithu. Anachiiwala padzuwa tsiku lina, chinapindika ndendende ngati ichi. Zinzakezi n'zosalala kwambiri, n'chifukwa chake sizinkandifika pamtima."

Anandikoka dzanja tinavina pakapeti, amayi ataima pakhomo la kukhitchini akutiyang'ana. Chimwemwe chimene ndinamva tsiku limenelo sindinachimvenso. Lolemba ndinafotokozera anzanga onse kusukulu kuti ndinakonza chimbale cha ababa. Kuyambira pamenepo maulendo a Loweruka anatha, sanagulenso china. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankaliza chopindikacho, mbali zonse ziwiri, mpaka ine ndinazolowera kuimba nyimbozo mogwedera momwemo.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi pamene ndinapita ndekha ku Ndirande kukaona azakhali a Esnart, mlongo wawo wa ababa. Tikusenda mbatata pakhonde ndinawafotokozera nkhaniyi monyadira. Anaika mpeni pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. "Padzuwa? A Fredson? Aaa, iwe! Chimbale chija ankachikulunga m'nsalu yoyera, chinkagona m'sutikesi kunsi kwa bedi. Bambo ako anachigwirapo kamodzi ndi manja a mafuta, mbama yake akuikumbukira mpaka lero. Chinali chowongoka mpaka tsiku limene achimwene anatisiya."

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndinawabwezera ababa mawu a mkulu wawo. Tsopano ndikudziwa kuti ndinawalanda asanawamve n'komwe, ndipo iwo anasankha kumvera nyimbo zopotoka Lamlungu lililonse kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi asasenze mlandu umenewo. Kukafunanso china chowongoka kukanaulula bodza lawo, ndiye anasiya kufuna. Ababa akalamba tsopano, akadali m'nyumba yomwe ija ku Bolton. Sindinawauze zimene azakhali anandiuza. Akachiika pa galamafoni n'kundiyang'ana, ndimadzuka n'kuvina nawo.