Ofesi ya Pawindo kwa a Nachisale

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva kwa mnzanga wa kusukulu amene ananditumizira uthenga pafoni. Bungwe lina la ku Lilongwe loona za ulimi linkafuna munthu wodziwa kutayipa. Alangizi a bungweli ankajambula mawu a alimi m'midzi, ndipo ine ndinkayenera kumvetsera mawuwo n'kuwalemba pakompyuta, liwu ndi liwu. Anandiyesa, ndinakhoza. Anandipatsa laputopu, mahedifoni ndi kachipangizo ka intaneti, koma ofesi ayi.

"Muzigwirira kunyumba, a Tadala," anatero a Mbewe, bwana wanga. "Mupeze malo a magetsi, a netiweki, komanso opanda phokoso. Tikuyesani kwa mwezi umodzi."

Kumudzi kwathu ku Chezi magetsi anali asanafike, choncho ndinapita ku Madisi. Ndinapeza chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya a Nachisale, mphunzitsi wopuma, amene lamulo lawo linali limodzi: "Khoma langa silidziwa msomali, mwanawe."

Soketi inali pafupi ndi chitseko, koma netiweki inkagwira pawindo pokha, mbali inayo. Ndinagula chingwe chachitali cha magetsi n'kuchiyendetsa m'mphepete mwa khoma. Tebulo ndinakhometsa kwa kalipentala wa pamsika. Linkatsimphina chifukwa simenti inali yokumbikakumbika, mpaka ndinapinda katoni n'kuponderetsa mwendo umodzi. Mpando unali wa pulasitiki, wa pilo pamwamba. Pawindo ndinatchinga chitenje kuti dzuwa lisamawale pasikirini.

Kagwiridwe kake kanali kotere: kumvetsera pang'ono, kuimitsa, kulemba, kubweza m'mbuyo n'kumvetseranso. Pamene mawu sakumveka, mwina chifukwa mbuzi yalira pafupi ndi wojambula, sulota ayi. Umalemba mphindi yake kuti bwana akamvetsere yekha. Ndinkaikonda ntchitoyi. Ndinamva alimi akukangana za manyowa ngati za mpira.

Koma a Nachisale sindinawafotokozere chilichonse. Ndinkangowapatsa moni n'kudzitsekera. Pambuyo pake anandiululira kuti ankaganiza kuti ndimangoonera mafilimu tsiku lonse.

Mwezi utatha, a Mbewe anakonza msonkhano wa pavidiyo Lachinayi, 2 koloko masana, kuti akuluakulu a bungwe andione ndi kugamula ngati ndipitirize. Ndinasita bulauzi, ndinatchaja laputopu, ndinakhala pampando nthawi isanakwane.

Kenaka ndinamva mikeka ikuyalidwa panja. Amayi a kwaya ya ku tchalitchi cha a Nachisale anali atabwera kudzaphunzira nyimbo za ukwati, pansi pa mtengo wa mango, pawindo panga penipeni. Nkhope za mabwana zikungotulukira pasikirini, amayi aja anayamba ndi mphamvu zonse, m'manja momwe.

"A Tadala," anatero a Mbewe, "muli ku ofesi kapena ku tchalitchi?"

Ndinanyamula laputopu kuthawira kuchitseko. Netiweki inaduka, nkhope zonse zinauma gwa. Ndinabwerera pawindo, nyimbo ili pachimake. Mtsikana wa lendi angauze bwanji amayi akuluakulu kuti aleke kuimbira Mulungu pakhomo pa mnzawo?

Ndinapempha mabwana mphindi ziwiri, ndinatseka maikolofoni, ndinatuluka n'kukagwada pafupi ndi a Nachisale.

"Pepani amayi, ndili pamsonkhano ndi mabwana anga. Akapanda kundimva lero, ntchito yandithera."

"Mabwanawo ali kuti?"

"M'kompyutamo."

Anadzuka, anakweza chitenje cha pawindo n'kusuzumira. Ataona abambo a mataye akuwayang'ana, anagwira pakamwa.

"Iwe mwana, bwanji osanena masiku onsewa?" Anatembenukira anzawo. "Amayi, mikeka m'manja. Tikaimbire kutsogolo, mwanayu ali pantchito."

Amayi aja anachoka monyang'ama, akuseka chamumtima. A Nachisale sanawatsatire. Anakhala pakhonde panga ndi kamtengo, kuthamangitsa tambala aliyense wofuna kuyandikira.

Msonkhano unayenda bwino. Anandifunsa mmene ndimalembera mawu a mlimi amene akuphiphiritsa, ndinawaonetsa masamba anga, anagwedeza mitu. Ntchito anandipatsa. Potsekera, bwana wamkulu anati, "Kwaya ija yapita kutali? Anatidulira nyimbo pakati."

Nditawauza zimenezi, a Nachisale anakaitana amayi aja. Amayi anaima pawindo, nduwira zili bwinobwino, n'kuimbira anthu a ku Lilongwe nyimbo yonse mpaka kumapeto.

Kuyambira tsikulo, ndikalowa nyumba ya lendi yatsopano, ndisanayang'ane pamene pali soketi ndimayamba ndakhala pansi ndi eni nyumba ndi oyandikana nawo, n'kuwauza ntchito imene ndimagwira ndi nthawi zake. Bata sugula pamsika. Amakupatsa ndi anthu, ndipo sangakupatse usanawauze kuti ukulifuna.