Nthungululu za Amayi Kuseri kwa Kamera

Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi pamene ndinazindikira kuti masewero ali ndi eni ake, ndipo eni akewo si ife otuluka thukuta m'bwalo. Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwawa. Sindibisa, ndikadali wokwiya.

Zinali zaka zija mliri usanabwere. Tinkakhala ku Wigston, ine ndi amayi basi. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ine ndinali pa koleji ina ku Leicester, komwe ndinkasewera mpira wa ntchemberembaye. Ndinali wogoletsa. Ligi yathu inali ya makoleji oyandikana, ku Loughborough, ku Nottingham, ku Derby, malo oti ngakhale udzuke mochedwa umafikabe. Tinkasewera Lachitatu masana m'maholo onunkha mphira wa nsapato, makolo ochepa atakhala pa mabenchi ozizira.

Amayi sankaphonya. Lachitatulo anachita kulimenyera nkhondo kuntchito kuti likhale tsiku lawo lopuma. Ankabwera atavala chijekete chawo chakuda, chitenje atamanga pamwamba pake, ndipo mpira ukangochoka m'manja mwanga n'kulowa, nthungululu zinkadzaza holo yonse. Poyamba azungu ankadzidzimuka. Kenaka anazolowera, moti ngakhale atsikana a ku Derby, amene tinkadana nawo koopsa m'bwalo, masewero akatha ankapita kwa amayi kuti awaphunzitse kugwedeza lilime.

Ndiye kunabwera kampani ina yoonetsa masewero pa kanema ndi pa intaneti. Inalonjeza ndalama kwa makoleji okhala ndi maholo ooneka bwino. Akuluakulu a pakoleji pathu sanafunse wosewera kapena kholo. Anangotizula mu ligi ya anansi athu n'kutiponya mu ligi yatsopano ya makoleji akutali, ena kumpoto kwenikweni, ena kumwera. Anatipatsa yunifolomu yatsopano, dzina la kampani pachifuwa lalikulu kuposa la sukulu. Ndisaname, tinavina ndi chimwemwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masewero anachoka Lachitatu n'kupita Loweruka madzulo, ati ndi nthawi imene anthu amaonera. Tinayamba kutha tsiku lonse m'basi. Kuntchito kwa amayi Loweruka aliyense amalifuna, ndiye miyezi inadutsa osandionako ndikusewera, kupatula pa foni nthawi ya tiyi, chithunzi chikuimaima.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kuntchito akumwetulira. Loweruka lotsatira masewero anali pakwathu, ndipo anali oti aonetsedwa pa kanema.

"Ndaswapa shifiti ndi Anti Mutinta," anatero, kutchula mnzawo wa ku Zambia amene ankagwira naye ntchito. "Ine ndidzawagwirira pa Khirisimasi."

"Amayi, Khirisimasi yathunthu chifukwa cha mpira?"

"Khirisimasi imabwera chaka ndi chaka, iwe. Udzakonze bwino tsitsi lakolo usakandichititse manyazi."

Holo yathu tsiku limenelo sindinaizindikire. Magetsi othobwa m'maso, nthambo paliponse, zikwangwani za malonda kuzungulira bwalo. Mipando yoyang'anizana ndi kamera anaipereka kwa alendo a kampani, anthu amene sanatidziwe n'komwe, onse atavekedwa malaya a mtundu umodzi. Makolo anawakankhira kuseri kwa kamera, ndipo analipira pakhomo kuti aone ana awo omwe. Amayi anapeza malo pakona, pafupi ndi chitsulo china chimene anamangapo maikolofoni.

Ndinagoletsa chigoli choyamba, nthungululu zinalira. Thupi langa lonse linapepuka, chifukwa ndinali nditazisowa. Ndinagoletsa chachiwiri, zinaliranso. Pamenepo ndinaona bambo wina wa kampani, wovala zomvera m'makutu, akuzivula mokwiya n'kupita kwa kochi wathu.

Pa nthawi yopumira kochi anandiitanira pambali. Anali mayi wabwino ndithu, woti mandasi a amayi anawadyapo kangapo, koma tsiku limenelo sanandiyang'ane m'maso. Anandiuza m'Chingerezi kuti phokoso la amayi likuwononga mawu a pa kanema, ndipite ndikawauze asiye.

"Akapanda kusiya ndikukhazika pa benchi," anatero. "Iwe ukapanda kugoletsa, iwo sakuwa."

Phokoso. Mawu amenewo anandilasa. Ng'oma za pa zimkuzamawu zinali kugunda mpaka mano kunjenjemera, koma phokoso linali la amayi anga. Ndinamuuza kochi kuti sindipita, amene zamunyansa apite yekha. Koma ndikutembenuka, mlonda wa pakhomo anali ataima kale pamaso pa amayi. Ndinawaona amayi akuimirira, akupinda mawondo pang'ono monga amachitira kwa akuluakulu, manja pamodzi, akupepesa kwa mnyamata woti akanatha kumubereka.

Ndinathamangira komweko misozi ili m'maso.

"Amayi, tiyeni tizipita. Sindisewera."

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Ndataya Khirisimasi kuti ndidzaone msana wako ukutuluka pakhomo? Bwerera m'bwalo msanga."

Ndinabwerera. Ndinasewera ndi ukali umene sindinakhalepo nawo, ndipo mpira unkangolowa. Chigoli chilichonse, mnyamata wina ankakweza chikwangwani, anthu a malaya ofanana aja n'kuwomba m'manja pamodzi, akatsitsa iwo n'kusiya. Ndinayang'ana pakona kamodzi kokha. Amayi anali atalowetsa nsonga ya chitenje m'kamwa, akuiluma, mapewa akugwedezeka. Sindinayang'anenso.

Tinapambana. M'basi yopita ku Wigston amayi anangoti, "Wasewera bwino, mwanangu," n'kuyang'ana pawindo. Sanabwerenso ku masewero anga. Ndikawachonderera ankati pa foni amaona bwino, komanso sasokoneza munthu.

Kampani ija sinakhalitse. Itaona kuti oonera ndi ochepa, inalongedza makamera ake n'kupita kukafuna masewero ena. Ligi yatsopano inafera pomwepo. Titafuna kubwerera kwa anansi athu akale, tinapeza malo athu anapatsa kale ena, ndipo timu yathu inatha. Akuluakulu amene anasaina zija anakhalabe m'maofesi mwawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapepesa.

Tsopano ndine wamkulu, ndipo ndikamva kuti makoleji kwinakwake asiya anansi awo chifukwa cha ndalama za kanema, anthu akamawerengera phindu, ine ndimafunsa kuti kodi akhazikidwa kuseri kwa kamera ndani. Ndinaphunzira kuti wolipira sagula tsiku ndi ola lokha. Amasankhanso woti aoneke, woti akondwere, ndi mmene akondwerere. Kampani inapita, koma zimene inaphunzitsa amayi zinatsala.

Tsiku limene ndinalandira digiri, dzina langa litatchulidwa, ndinaima dala pa nsanja ndikudikira. Ndinawaona amayi pakati pa anthu, pakamwa atatsegula kale. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenaka anatseka pakamwa n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati wina aliyense.